Mabatire a mchere afike kuno

Abale anga, usiku wathawu magetsi atathima kuno ku Ndirande ndinakhala ndikuwerenga pafoni za mabatire atsopano ogwiritsa ntchito sodium, yemwe amapezeka mumchere womwe timathira m'ndiwo uja. Kampani ya CATL ya ku China inaonetsa batire yotereyi mu 2021, ndipo pano ena ayamba kuyiika m'magalimoto ang'onoang'ono. Sisunga mphamvu zambiri ngati ya lithium yomwe ili m'mafoni athuwa, n'njolemerako ndithu, koma zopangira zake sizivuta kupeza, ndiye mtengo ukhoza kutsika. Batire yongokhala pakona m'nyumba kapena pachipatala cha kumudzi, kulemera kwake kungavutitse ndani?

Mukukumbukira mu 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, tinataya ma megawati pafupifupi 130 n'kukhala mumdima miyezi yambirimbiri. Dzuwa tili nalo lokwanira, ku Salima kuli kale sola ya ma megawati 60. Chotivuta n'kusunga mphamvuyo kuti itithandize dzuwa likalowa.

Ndikulakalaka ana athu a kuyunivesite ya MUBAS atayamba kuyesa mabatirewa m'kutentha kwa mu Okutobala kuno kwathu. Inu amene muli kumeneko, alipo wayambapo kale? Tandiuzeni.