Nyamakazi ya msana imene imakula munthu akagona

Pophunzira za ankylosing spondylitis, nyamakazi yotupitsa ndi kuumitsa msana, chofunika kuchigwira poyamba ndi khalidwe la ululu wake. Msana wopweteka chifukwa cha khasu kapena katundu wolemera umaleka munthu akapuma. Uwu ayi. Umakula akagona, umamudzutsa chakum'bandakucha, ndipo m'mawa chiuno chimauma kupitirira mphindi 30, n'kumasuka akayamba kuyendayenda. Kawirikawiri umayamba munthu asanakwanitse zaka 45, ndipo timaukayikira ukapitirira miyezi itatu. Kuuza wodwala wotere kuti azingogona n'kumuwonjezera vuto.

Kutupa kumayambira pamene fupa la m'munsi mwa msana limakumana ndi mafupa a chiuno, n'chifukwa chake ululu umamveka m'matako, lero uku, mawa uko. Pofuna kukonza malo otupawo, thupi limameretsa fupa latsopano, ndipo pakapita zaka fupalo limamata mafupa a msana mpaka pa X-ray n'kumaoneka ngati nsungwi. Msana wotero suwerama, komanso umathyoka ngakhale munthu atangogwa pang'ono.

Kuyeza kwa Schober, kumene kumaona ngati msana wauma, kumangofuna tepi ndi cholembera. Wodwala aimirire, mulembe chizindikiro pakati pa timaenje tiwiri ta m'munsi mwa msana, china masentimita 10 pamwamba pake. Awerame osapinda mawondo. Mtundawo uyenera kufika pafupifupi masentimita 15. Ukaperewera, msana wayamba kuuma.

X-ray imatha kuoneka bwinobwino kwa zaka zingapo matenda alipo. MRI, makina ena ojambula m'kati mwa thupi, ndiyo imaona kutupa msanga. Jini (chibadwa chotengera kwa makolo) ya HLA-B27, imene imapezeka mwa odwala ambiri a ku Ulaya, ndi yosowa pakati pa anthu akuda a kuno ku Africa, choncho kusaipeza m'magazi sikutsimikizira kuti munthu alibe matendawa. Ndipo kwathu kuno tisathamangire nyamakazi tisanaganizire TB ya msana, makamaka wodwala akamaonda, kutentha thupi ndi kutuluka thukuta usiku.

Chithandizo chimayamba ndi masewera oongola msana tsiku ndi tsiku, kusiya fodya, ndi mankhwala ngati naproxen kapena ibuprofen, mosamala m'mimba ndi impso. Mitundu iwiri ya mankhwalawa ikalephera, iliyonse itayesedwa masabata awiri mpaka anayi, pamabwera jakisoni ngati adalimumab, koma wodwala ayambe wayezedwa TB, poti jakisoniyu amatha kudzutsa TB yobisala. Methotrexate, mankhwala ena a nyamakazi, sathandiza msana.

Matendawa amathanso kutupitsa diso. Diso likafiira, kupweteka ndi kudana ndi kuwala, wodwala aonedwe ndi dokotala wa maso tsiku lomwelo, chifukwa kuchedwa kumawononga diso.