Kukhazikitsa Querydsl Collections pa Java: kusefa mndandanda popanda database

Mapulogalamu ambiri omwe timalemba kuno ku Zomba safuna database yaikulu. Mwachitsanzo, gulu la alimi a mpunga a ku Domasi ndi ku Likangala limatumiza fayilo ya CSV, pulogalamu iwerenge, isefe, itulutse lipoti. Deta yonse imakwana mu `List<Mlimi>`. Vuto limabwera mafunso akachuluka: ena amamanga zosefera ndi mawu ngati `"matumba"`, ndipo tsiku lomwe munthu wina wasintha dzina la field, pulogalamu imagwa ili kale m'manja mwa ogwiritsa ntchito. Querydsl Collections, library ya Java yosefera mindandanda, imachititsa kuti cholakwika chotere chigwidwe pa compile.

Mu `pom.xml`, fayilo ya Maven yolembamo ma library omwe pulojekiti ikufuna, ikani `com.querydsl:querydsl-collections`, version 5.1.0. Kenako mu `maven-compiler-plugin`, pansi pa `annotationProcessorPaths`, ikani `com.querydsl:querydsl-apt` wa version yomweyo, classifier yake ikhale `general`. Classifier ya `jpa` kapena `jakarta` ndi ya makalasi a `@Entity`, ndiye mukaisankha simuona kalasi iliyonse ikupangidwa. Ngati mukugwiritsa ntchito Lombok, muiikenso pa mndandanda womwewo, chifukwa mukangolemba `annotationProcessorPaths`, ma processor ena onse omwe sali pamenepo amasiyidwa. Dziwaninso kuti kuyambira JDK 23, javac sayendetsa yokha ma processor omwe yangowapeza pa classpath, choncho kuwalemba poyera ndiye njira yodalirika.

Pamwamba pa kalasi `Mlimi` lembani `@QueryEntity`. Ikhale ndi `String dzina`, `String dera`, `int matumba`, ndi ma getter ake. Mukathamangitsa `mvn compile`, mu `target/generated-sources/annotations` mupezamo `QMlimi.java`, kalasi yomwe Querydsl yapanga kuchokera ku `Mlimi` kuti muzilembera mafunso. Fayilo imeneyi musaikhudze ndipo musaiike mu Git. IntelliJ ikamati `QMlimi` kulibe, uzani Maven ayambirenso kuwerenga pulojekiti.

Funso lenileni limaoneka chonchi:

```java
QMlimi m = QMlimi.mlimi;
List<String> mayina = CollQueryFactory.from(m, alimi)
    .where(m.dera.eq("Domasi"), m.matumba.goe(10))
    .orderBy(m.matumba.desc())
    .select(m.dzina)
    .fetch();
```

Yesani kulemba `m.matumba.eq("khumi")`. Compiler ikana, chifukwa `matumba` ndi `NumberPath<Integer>`. Phindu lonse lagona pamenepo. Zosefera zomwe zimadalira zimene munthu wasankha pa fomu muzimange ndi `BooleanBuilder`, n'kumawonjezera `.and(...)` pang'onopang'ono.

Mbali yomwe ambiri sayembekezera ndi iyi. Querydsl Collections imatenga funso lanu, n'kulisandutsa code ya Java, n'kuichita compile pulogalamu ili mkati moyenda. N'chifukwa chake funso loyamba limachedwa, koma likabwerezedwa limathamanga popeza kalasi yake yasungidwa kale. Imagwiritsa ntchito compiler ya JDK ngati ilipo ndipo class loader ndi `URLClassLoader`. Apo ayi imatembenukira kwa ECJ, compiler ya Eclipse. Kuyambira Java 9, class loader wamba wa pulogalamu si `URLClassLoader`, ndiye nthawi zambiri ndi ECJ amene amagwira ntchitoyo. Mukaona `NoClassDefFoundError` yotchula `org/eclipse/jdt`, onjezani `org.eclipse.jdt:ecj` mu pom.

Chachiwiri n'chowopsa kwambiri chifukwa sichifuula. Chosefera chikakumana ndi `null` n'kuponya `NullPointerException`, mzerewo umangosiyidwa mwakachetechete. Mukafunsa `m.dera.startsWith("Dom").not()`, mlimi yemwe dera lake silinalembedwe satuluka, ngakhale kuti si wa ku Domasi. Pa lipoti la matumba a mpunga, ameneyo ndi munthu yemwe zokolola zake sizinawerengedwe. Lembani poyera `m.dera.isNull().or(...)`, ndipo pakhale test imodzi yokhala ndi mizere yopanda dera. Mafayilo olembedwa pamanja sasowa mipata yotere.

`groupBy` wa pa funso sagwira ntchito apa. Kuti muphatikize matumba a dera lililonse, gwiritsani ntchito `transform(GroupBy.groupBy(m.dera).as(GroupBy.sum(m.matumba)))`, mulandira `Map`.

Index kulibe. Funso lililonse limayendera mndandanda wonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Pa alimi zikwi zingapo simumva kulemera kulikonse. Koma mukalumikiza mindandanda iwiri ndi `from` kawiri, alimi 2,000 ndi malisiti 5,000 angathe kufanizidwa ka 10,000,000. Zikafika apo, sefani kaye mndandanda uliwonse pawokha, kapena samukirani ku CQEngine, library ina yomwe ili ndi ma index ngati `HashIndex` ndi `NavigableIndex`. Ndipo ngati muli ndi zosefera ziwiri zokha zosasintha, `stream().filter()` wamba akukwanirani. Querydsl imayamba kupindulitsa mafunso akamamangidwa mosiyanasiyana, kapena mukafuna kugwiritsa ntchito chosefera chomwecho pa JPA (njira ya Java yolumikizirana ndi database) komanso pa ma test.

Za bandulo: mukapeza intaneti yabwino, thamangitsani `mvn clean package` kamodzi kuti zonse zitsikire mu `~/.m2`. Pambuyo pake `mvn -o` imagwira ntchito popanda intaneti, ndipo chikwatu cha `.m2` chikhoza kukoperedwa pa fulashi kupita pa kompyuta ya mnzanu wa m'kalasi.