Sikelo ya ku Lumbadzi

Popeza kavidiyo kaja kondionetsa ndili pa sikelo ya pa bwalo la ndege ku Lumbadzi, nditaphatikiza majekete, kafika mpaka kwa amayi ogulitsa nthochi pa Katoto mu Mzuzu muno, ndipo dzulo mnyamata wa sakramento, kabaza wa njinga uja, wandifunsa ngati andilipiritse mtengo wa anthu awiri, kuli bwino ndinene ndekha mmene zinayendera. Alamu anga anajambula masekondi 40 okha, ndipo anasankha oipitsitsawo.

Choyamba, majekete anali atatu, osati asanu. Amene akuti asanu akaonenso bwino. Chachinayi chija chinali ovolosi, ndipo ovolosi si jekete.

Bwana wina wa malo ogona alendo ku Mfuwe, kufupi ndi nkhalango ya South Luangwa ku Zambia, anamva kuti ndimadzutsa mapampu a sola amene ena anawalira kale maliro. Anati ndisavutike ndi msewu wa Mchinji ndi Chipata, anditumizira tiketi ya ndege. Ine ndege! Bwalo lathu la mu Mzuzu muno ndimaliona tsiku ndi tsiku ndikamachokera ku Chibavi, koma ndege ya ku Zambia siimapo, ndiye ndinayenera kukakwerera ku Lumbadzi, pa bwalo la Kamuzu. Ndiye kuti basi ya pa M1, kudutsa Chikangawa, Jenda, Kasungu, makilomita oposa 300, kuti ndikakwere ndege youluka makilomita pafupifupi 200. Masamu amenewa sindinawaganizire. Ndinali wotanganidwa kuuza anthu.

Dzina la kampani ya ndegeyo ndinali ndisanalimvepo, ndipo aliyense amene ndinamuuza anandifunsa kuti, "Ya kuti imeneyo?" Pa foni anandifunsa kuti ndimalemera bwanji. Ndinati 82. Sindinaname ayi. Ndinapereka nambala yoona, kungoti ya nthawi imene ndinkakwatira.

Anandiuzanso kuti katundu asapitirire makilo 15, ndipo akhale m'chikwama chofewa, osati sutikesi. Mayi a kunyumba anamva zimenezo ndi khutu limodzi. Munthu sapita kwa eni ake chimanjamanja, anatero, n'kulongeza mpunga wa Kilombero makilo 5, mapaketi a khofi wa Mzuzu, ndi majekete, chifukwa iwo amakhulupirira kuti dziko lonse limazizira ngati Mzuzu mu Juni. Umu munali mu Okutobala. Amene anafikako ku chigwa cha Luangwa mu Okutobala akudziwa kuti kumeneko ngakhale abuluzi amasaka mthunzi.

Pa Lumbadzi chikwama chinakwera sikelo: 24. Mtsikana wa pa kauntala, waulemu wake ndithu, anati, "Bambo, muchotsemo makilo 9." Ndinayang'ana alamu. Alamu, amene amakhala ku Area 25 ndipo amadziona ngati anabadwira m'ndege ngakhale sanakwerepo, anandikokera pambali.

"Alamu, musataye kanthu. Amayeza chikwama, munthu samuyeza. Valani."

Ndinalowa m'chimbudzi ndili munthu wamba, ndinatuluka ndili ngati thumba la makala. Ovolosi pansi, majekete atatu pamwamba, jombo zantchito kumapazi, khofi m'matumba a m'mbali. Mpunga tinaugawa m'majumbo awiri, lina m'thumba lamkati la jekete, lina ndinalipanikiza pamimba mkati mwa ovolosi. Manja sankatsika, anangoti tasa ngati nkhuku yomva kutentha. Chikwama chinabwerera pa sikelo: 15 ndendende. Ndinamwetulira. Alamu anandipatsa chala chachikulu.

Mtsikana uja anachotsa chikwamacho, n'kuloza sikelo yomweyo.

"Tsopano inuyo, bambo. Kwerani."

Ndinaseka, kuganiza kuti ndi nthabwala za a ku bwalo la ndege. Sanaseke. Kumbuyo kwanga kunali azungu asanu ndi awiri, onse m'makabudula a khaki, makamera aatali ngati misi ya mtondo ali pakhosi, ndipo agogo ena aakazi anali atakwera kale sikeloyo osadandaula. Ndinakwera. Apa ndi pamene alamu anatulutsa foni.

Manambala ofiira anathamanga, anadutsa 82 osaima n'komwe ngati minibasi yodzaza, anadutsa 90, n'kukaima pa 97. Mtsikana anayang'ana pepala lake, anayang'ana ine, anayang'ananso pepala.

"Palembedwa 82, bambo."

"Ndadya bwino m'mawa," ndinatero. Chikhalirecho ndinali ndisanalawe kanthu, kusungira malo nkhuku ya m'ndege imene ndinkaimva kwa anthu.

Thukuta linali litayamba kale ulendo wake, kuchokera m'khosi kutsikira ku jombo. Ndiye ndinapanga chinthu chimene aliyense wonenepa amapanga pa sikelo: ndinakoka mimba. Musandifunse kuti ndinkaganiza kuti zithandiza chiyani. Mimba itabwerera mkati, jumbo lija linasowa chogwira, linatsetsereka, linakodwa pa zipi ya ovolosi, ndipo ndinamva kaphokoso kakang'ono, kuti pyee.

Poyamba kunagwa njere imodzi. Inatuluka ku mwendo wamanzere, inagunda chitsulo cha sikelo kuti ke, n'kugudubuzika mpaka pa nsapato ya agogo aja. Tonse tinaiyang'ana. Kenako ziwiri. Kenako mvula. Abale anga, mpunga wa Kilombero ukamagwera pa chitsulo umalira ngati mvula yoyamba pa malata, ndipo fungo lake silibisika. Bwalo lonse la ndege linanunkhira ngati pa ukwati. Ine chiimire, kuyang'ana kutsogolo ngati msilikali wa ku Moyale pa perete, ngati mpunga wotuluka m'buluku ndi nkhani ya munthu wina.

Chimene chinandipweteka n'chakuti nambala sinkasintha. Mpunga unkachoka pa ine n'kugwera pa sikelo yomweyo, 97 ili pomwepo. Ndiye mwakachetechete ndinayamba kuukankhira pansi ndi jombo. 96.8. Ndinakankhanso. 96.5. Mtsikana anayika cholembera pansi, n'kupinda manja, kudikira kuti aone ndifika pati. Mzungu wina anagwada, anatola njere, anainunkhiza, n'kuuza mkazi wake chinachake. Bambo wosesa anafika ndi tsache, anaima pambali panga, ndipo m'malo mosesa anafunsa motsitsa mawu, "Achimwene, ndi wa ku Karonga weniweni uwu?" Ndinati eya. Anapita kukatenga jumbo.

Woyendetsa ndege anabwera yekha, mnyamata wamng'ono woti ndingamubereke, wa ku Zambia, Chinyanja chake cha ku Lusaka. Sanakalipe. Anandifotokozera ngati mwana wa sitandade 3 kuti kandege kakang'ono kamawerenga kilo iliyonse, ya munthu, ya chikwama ndi ya mafuta, ndipo kulibe kanthu kuti kiloyo yabisala m'thumba liti. Anati kukatentha mpweya umapepuka, mapiko sagwira bwino, ndege imafuna mtunda wautali kuti inyamuke, ndipo Lumbadzi ndi malo okwera kale. Anatinso ayenera kudziwa wolemera ndani kuti amukhazike malo oyenera, apo ayi ndege imalemera kumchira. Zonsezi alamu sanajambule. Mbali imene ndikuphunzira sayansi mulibe m'kavidiyo.

Anandivula chimodzichimodzi pamaso pa anthu, ngati akusenda anyezi. Jekete, jekete, jekete, khofi, jumbo lachiwiri, ovolosi, jombo. Ndinakweranso sikelo ndili m'masokosi. 88.

"Nanga 6 enawa ali kuti, bambo?" anafunsa mtsikana uja, akuyang'ana matumba a buluku.

Ndinati amenewo ndi anga.

Ndegeyo titaifika, ndinamvetsa. Tinadutsa ndege yaikulu imene ndinali nditaijambula kale pawindo n'kuiika pa WhatsApp, tinayendabe, mpaka tinafika pa Sienta ya mapiko. Chozungulira chimodzi pamphuno, mipando yosapitirira ya minibasi, kulowa chowerama. Anandikhazika kutsogolo, kuseri kwenikweni kwa woyendetsa, ndipo ndikufuna a ku Chibavi amve bwino apa: mpando umenewo ndi waulemu. Kuti anandiika pamenepo pofuna kulinganiza kulemera ndi nkhani ina. Nkhuku kunalibe, chimbudzi kunalibe, anatipatsa kabotolo ka madzi basi. M'mwamba munali mabampu oposa a msewu wa ku Mchengautuwa nthawi ya dzinja, ndipo ndinaimba chamumtima nyimbo zonse za kwaya zimene ndimadziwa, zina za Chitumbuka zomwe sindidziwa tanthauzo lake. Ola lisanakwane tinali pa Mfuwe. Wa zolowa ndi kutuluka anadinda pasipoti, n'kundifunsa ngati ndili ndi choti ndionetse. Ndinagwedeza mwendo, munagwa njere zitatu.

Pampu ndinaikonza tsiku lomwelo, inali waya wodyedwa ndi makoswe. Izi palibe akuzifunsa.

Pobwerera ndinapempha bwana uja kuti andipatse ndalama ya basi, ndinadzera ku Chipata ndi pa chipata cha Mwami. Si mantha, ndinkafuna kuona malo. Nditafika ku Area 25 kuti nditenge katundu wanga wotsala, ndinapeza jumbo lachiwiri lija latha, khofi watsala paketi imodzi, ndipo alamu avala jekete langa labuluu, akuti ku Lilongwe kwayamba kuzizira usiku. Mu Okutobala. Mayi a kunyumba mpaka lero sakundifunsa za ndege, akungofuna kudziwa kuti 82 ija ndinaitenga kuti.