Gologolo wa James ndi dayamondi ya Peirce

Ambiri akamva za pragmatism, kaganizidwe ka akatswiri ena a filosofi, amaganiza kuti imaphunzitsa kuti chilichonse chokupindulira ndiye choona. Chiyambi chake sichinali chotero. Inali njira yoyesera mkangano, kuti zidziwike ngati muli nkhani yeniyeni kapena anthu akungolimbana pa mawu.

Inabadwira ku Cambridge, m'chigawo cha Massachusetts ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870, m'kagulu kotchedwa Metaphysical Club. Munali Charles Sanders Peirce, William James, Chauncey Wright ndi loya Oliver Wendell Holmes Jr. Peirce ankagwira ntchito ku US Coast Survey, bungwe la boma loyeza magombe a nyanja, komwe ankayeza mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi, ndipo lamulo la njirayi limene anasindikiza mu 1878 likuonetsa kuti mwini wake anazolowera zoyezayeza.

Kagwiritsidwe kake n'kotere. Tengani mfundo imene mukukanganirana. Funsani kuti: ikakhala yoona, ndikachita chakutichakuti, ndidzaona chiyani? Nanga ikakhala yabodza? Mayankho awiriwo akafanana ndendende, ndiye kuti palibe chokanganirana.

James anapereka chitsanzo m'buku lake la mu 1907. Gologolo wakakamira pathunthu la mtengo. Munthu akuzungulira mtengowo kuti amuone, koma gologoloyo naye akusuntha, thunthu lili pakati pawo nthawi zonse. Kodi munthuyo wamuzungulira gologolo? Ngati kuzungulira ndi kudutsa kumpoto kwake, kum'mawa, kum'mwera mpaka kumadzulo, inde. Ngati ndi kufika kutsogolo kwake, kumbali, kenako kumsana, ayi, poti gologoloyo sanam'patse msana ngakhale pang'ono. Mkangano wathera pomwepo.

Pali malo awiri pamene njirayi imaterereka. Poyamba, James anailowetsa m'nkhani ya choonadi ndi chipembedzo, n'kumalankhula ngati chikhulupiriro chothandiza munthu pa moyo wake chayandikira kale kukhala choona. Bertrand Russell, katswiri wa filosofi wa ku Britain, anamutsutsa, ndipo apa ndikuona kuti Russell anali ndi mfundo: bodza nalo limatonthoza. Peirce sankawerengera chitonthozo cha munthu mmodzi. Kwa iye choona ndi chimene ofufuza onse angadzagwirizanepo atafufuza mpaka pamapeto. Mu 1905 anasiyira ena dzina la pragmatism, yake n'kuitcha pragmaticism.

Pachiwiri m'pobisika. Mu 1878 Peirce anati chinthu cholimba ndi chimene zinthu zambiri sizingachikande. Nanga dayamondi imene yapangika pakati pa thonje n'kupsa isanakhudzidwe ndi cholimba chilichonse? Nthawi imeneyo anati kuitcha yolimba kapena yofewa ndi nkhani ya kasanjidwe ka mawu chabe. Pambuyo pake anabweza zimenezi. Vuto linali kuwerengera zoyesa zimene zachitikadi zokha. Funso loyenera si lakuti inakandidwa kapena ayi, koma lakuti akanayesa kuikanda chikanachitika n'chiyani. Mukafunsa motero, dayamondiyo ndi yolimba ndithu, ngakhale palibe anaiyesa.