Lenzi ya Jupiter-8 yomwe ndinaimata tepi yofiira

Ndakhala pabenchi yokonza makamera kuno ku Johannesburg zaka 11, ndipo kukalipiridwa ndi kasitomala ndinakuzolowera kalekale. Koma sabata yathayi yandisiya ndi mfundo pakhosi. Lero Lamulungu ndachapa, ndasita, ndadya, mutu ukadali pa Lachitatu.

Lolemba ndi Lachiwiri panalibe choti munthu n'kukamba. Inabwera Zorki 4 shutter (chotsegula ndi kutseka kuwala kofika pafilimu) itakakamira chifukwa mwiniwake anasintha liwiro asanakoke filimu, monga amachitira aliyense wogwira kamera ya ku Soviet Union koyamba. Kenako Yashica Electro 35 ziwiri, zonse matenda omwe aja a kalabala kakang'ono kamene kamafumbutuka m'kati. Panalinso Olympus Trip 35 ya mayi wina yongofuna timasiponji tatsopano pachitseko. Ndi ntchito zoti manja amagwira okha iwe ukumvera wailesi.

Lachitatu cha m'ma 10 koloko analowa mnyamata atakumbatira envelopu yaikulu. Ndinamuzindikira asanalankhule. Ndi wakwathu, wa ku Dedza, amaperekera zakudya mu lesitilanti ina kumpoto kwa tawuni. Mu Novembala anabwera ndi Canon P yopanda lenzi, imene anapatsidwa ndi nkhalamba ina yomwe ankaitchetchera kapinga atangofika kuno. Kamera ya 1959 kapena chakumeneko, makatani achitsulo a shutter yake atakwinyika pang'ono monga amakhalira ambiri a Canon P, koma liwiro lili bwinobwino. Rangefinder yake, chida choyezera mtunda chimene umakumanitsa tizithunzi tiwiri m'kawindo kuti fokasi ikhale pamalo, ndinaiwongola ndekha. Ndinamuuza kuti asonkhanitse ndalama ya lenzi ya 50mm, ndipo akadzabwera adzafunse ine, osati wina. Iye anabwera Loweruka lina mu Disembala ine ndili pa ofu, mawa lake akukwera basi yopita kumudzi.

Anayala zithunzi pakauntala. Mafilimu atatu a Kodak Gold 200, ndipo mtengo wa filimu masiku ano mukuudziwa. Za panja zinali zoti munthu n'kupirira nazo: phiri la Dedza, msika, ana akusewera padzuwa. Kenako anayala za agogo ake. Zithunzi 22, gogo wachikazi atakhala pamphasa pakhonde, mumthunzi, atavala chitenje chatsopano chomwe mdzukuluyo anawagulira kuno. Pazonsezo nkhope inali ya chimbuuzi. Chimene chinatuluka ngwee ndi khoma la kumbuyo kwawo: njerwa iliyonse, msewe wa chiswe, ngakhale khasu lomwe linatsamiritsidwa pamenepo unkatha kuona ming'alu ya mpini wake. Maso a agogo, ayi.

Akanabwera akutukwana bwenzi zitandipepukira. Iye anangofunsa chapansipansi kuti, "Achimwene, kapena ndimalakwitsa ine? Tizithunzi tiwiri tija ndimatikumanitsa ndithu monga munandionetsera."

Ndinamupempha kamerayo. Nditangoigwira ndinaona zomatamata za guluu pambali pa lenzi, malo omwe panali tepi. Jupiter-8 yoyera, nambala yake yoyamba ndi 62, kutanthauza kuti inatuluka mufakitale ya KMZ ku Krasnogorsk mu 1962. Lenzi imeneyi ndinaimata tepi yofiira ndi manja angawa mu Okutobala, n'kulembapo kuti isagulitsidwe, chifukwa timasikuluwu take tinali tokalikakalika, zoonetsa kuti wina anaitsegulapo. Ndinaiika m'bokosi la zodikira kuyesedwa. Disembala itafika, mashelefu ayamba kuoneka mbee, bwana anatola bokosi lonselo, kumatula matepi, kupukuta magalasi ndi kansalu, n'kuika mitengo.

Anzanga a ntchitoyi izi mukuzidziwa, koma ndilembebe, poti bwana wanga ndamufotokozera kasanu ndipo sizinalowe. Mazinga a 39mm amapusitsa. Lenzi ya pa Zorki kapena FED imalowa pa Leica yakale kapena Canon bwinobwino, mtunda wochokera pomangira kukafika pafilimu ndi womwewo wa 28.8mm, ndiye wogulitsa amati basi yakwana. Koma rangefinder ya Leica ndi Canon inapangidwa kuti iziwerengera lenzi ya 51.6mm, pomwe Jupiter-8 ndi mwana wa Sonnar, lenzi ya kampani ya ku Germany ya Zeiss, imene a Soviet anaitengera nkhondo yachiwiri itatha, ndipo imatsatira muyezo wa makamera a Contax wa pafupifupi 52.4mm. Zakutali kusiyanako sikuoneka. Ukayandikira mita imodzi n'kutsegula aperture (kabowo kolowetsa kuwala) yonse pa f/2, fokasi imakagwera masentimita angapo kumbuyo: walunjika diso, latuluka khutu. Izi ndi za lenzi yabwinobwino, yoti sinakhudzidwepo. Ya mnyamatayu inali itapitirira pamenepo, chifukwa kuchoka pankhope kukafika pakhoma si masentimita atatu.

Bwana anatuluka mu ofesi atamva kuti pali dandaulo. Anayang'ana zithunzizo mwachidule, n'kuuza mnyamatayo pamaso panga kuti akupepesa, zikuoneka kuti wokonza wathu sanaiyese mokwanira. Anawonjezera kuti zinthu zakale zimagulitsidwa momwe zilili, ndipo palisiti zinalembedwa. Ndinameza malovu. Pamaso pa kasitomala suyankha bwana, makamaka iwe wobwera, woti chitupa chako chogwirira ntchito chili ndi dzina la shopu yake. Mnyamata anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, ndipo mphindi imeneyo ndi imene ikundisowetsa tulo.

Ndinamuuza asiye kamera ndi lenzi, abwere Lachisanu akaweruka.

Collimator yathu, makina oyesera fokasi ya lenzi, inafa zaka ziwiri zapitazo. Ndikaitchula, yankho limakhala loti tidikire mwezi wabwino, ndipo mwezi wabwinowo sunabadwe. Ndiye Lachinayi ndinachita zachikale: kamera pa tripod, chitseko chotsegula, shutter pa B kuti ikhale yotsegula, kagalasi kopalidwa nditakagwiriza panjanji za filimu ndi labala, loupe (kagalasi kokulitsa zinthu) kudiso, lula yopendekeka patebulo mita imodzi kuchokera pafilimu. Rangefinder inkati ndalunjika pakati pa lula, kagalasi kankaonetsa kuti fokasi yadutsa lula yonse. Nditamasula mutu wa lenzi ndinapeza chimene ndinkakayikira. Timphete topyapyala timene timakhala pansi pa magalasi, kamodzi kokha ndi kamene kanatsala. Amene anaitsegula kale kuti aipake girizi ena anataya, n'kungomanga. Magalasi anali atalowa m'kati pafupifupi theka la milimita. Padzuwa, pa f/11 kabowo katachepetsedwa, cholakwika chotere chimabisala. Mumthunzi wa pakhonde mnyamata anatsegula f/2 monga aliyense akanachitira, ndipo chinabisala chija chinaonekera pankhope ya agogo ake.

Timphete ta mkuwa ta ntchito imeneyi shopu sigula. Ndinafukula kamodzi m'bokosi la malenzi akufa, kotsalako ndinadula pachitini cha zakumwa ndi sizasi, poti chitini chimakhala chopyapyala pafupifupi 0.1mm. Kuika, kumanga, kuyang'ana pa loupe, kumasula, kuwonjezera, kumanganso. Kasanu ndi kawiri. Ukatero kadontho ka aperture kamasuntha, ndiye uyenera kumasula mphete yake, kuibwezera pamalo, n'kuboola timaenje tatsopano ta timasikuluwu tochepa ngati mchenga. Kamodzi kanagwa pansi, ndinakafunafuna chogwada ndi maginito mphindi 20. Ndinaikonza kuti izimenya ndendende pa mita imodzi mpaka itatu pa f/2, podziwa kuti zakutali kwambiri zifuna f/4 kuti zithwe. Munthu amene amajambula anthu, kusinthanitsa kumeneko n'koyenera. Girizi wakale wouma ngati phula ndinamuchotsanso. Maola anayi athunthu, pa lenzi imene mtengo wake sufika pa malipiro a maola anayiwo, ndipo mpamene pagona mkangano wanga ndi bwana. Iye amaona kuti lenzi yotchipa siyenera nthawi ya pabenchi. Ine ndimaona kuti wogula lenzi yotchipa ndi amene alibe ina yoti akaone kuti iyi ikunama.

Lachisanu madzulo mnyamata anabwera. Ndinamukhazika pampando wanga, ndinamupatsa loupe kuti adzionere yekha manambala a pa lula atathwa pomwe rangefinder yalozera. Kenako anafunsa funso lomwe akanandifunsa mu Disembala ndikanakhalapo: "Nanga mukanandisankhira inuyo, mukanandipatsa iti?"

Ndinatulutsa zomwe tinali nazo. Pa Canon P choyamba kuganizira ndi Canon 50mm f/1.8, chifukwa inapangidwira kamera yomweyo ndipo nkhani ya muyezo palibe. Koma usaigule usanaiwunike ndi tochi kuchokera kumbuyo. Ambiri ali ndi chifunga pagalasi la kuseri kwa timasamba ta aperture, ndipo nthawi zina chifungacho chimakhala chitadya galasi, upukute bwanji sichichoka. Mwa atatu omwe tili nawo, imodzi yokha ndi imene ndingagulitse kwa munthu amene ndidzakumanenso naye kutchalitchi. Imafunanso fyuluta ya 40mm yomwe ndi yosowa, pomwe Jupiter imalandira 40.5mm yopezeka paliponse. Ndalama zikavuta zenizeni pali Industar-61 L/D ya ku fakitale ya FED ku Kharkiv, magalasi anayi okha monga lenzi ya Tessar ya Zeiss, f/2.8. Ndi yosaoneka bwino, manambala ake amafufutika, koma ndi yakuthwa, ndipo poti sitsegula kwambiri, kusiyana kwa muyezo kuja nthawi zambiri kumakwiririka. Kwa woyamba kumene, imeneyo ndi imene ndikanamupatsa, yotsalayo akanagulira filimu. Za Leitz, kampani yopanga Leica, ndinangomuonetsa kuti aone. Elmar 5cm f/3.5 ndi yabwino, koma kusintha aperture yake kumafuna chikhadabo, ndipo dzinalo lokha limakweza mtengo. Summitar galasi lake la kutsogolo ndi lofewa, ambiri anakandika ndi anthu opukuta ndi malaya. Summicron sitinaikhudze n'komwe, pa ndalama yake ungagule ma Jupiter odzaza chipewa. Color-Skopar 50mm f/2.5 ya Voigtländer, yopangidwa ndi Cosina ku Japan, ndi yatsopanoko ndipo siivutitsa, koma si ya thumba la woperekera zakudya.

Iye anasankha kukhala ndi Jupiter yake. Anati waizolowera, ndipo mmene imasungunulira za kumbuyo amazikonda. Apo sindinatsutse, Sonnar pankhope ya munthu ili ndi kukoma kwake, ndipo iyi tsopano ndikuidziwa m'kati mwake kuposa lenzi ina iliyonse m'shopumo.

Ndinalowa kwa bwana kukapempha kuti timubwezere ya mafilimu atatu aja ndi yotsukitsa. Anakana, akuti tikayamba zimenezo aliyense wojambula molakwika adzabwera ndi envelopu. Ndinamukumbutsa za tepi yofiira. Anati sakukumbukira tepi iliyonse, ndipo ngati chinthu sichiyenera kugulitsidwa ndisamachisiye poonekera. Anavomera chimodzi chokha, kuti maola anayi aja asalipiritsidwe, ngati kuti wachita chifundo chachikulu. Ndinatuluka, ndinagula filimu imodzi ndi ndalama yanga, ndinamupatsa mnyamata kuti akayesere. Anakana kawiri, kachitatu analandira ndi manja awiri. Atafika pakhomo anatembenuka.

"Agogo ali ndi zaka zoposa 90, achimwene. Kumudzi ndidzapitanso Disembala."

Ulendo umenewo ndimaudziwa: Beitbridge, Nyamapanda, Tete, masiku awiri pabasi ngati pachipata sanakusungeni, ndiponso ndalama ya miyezi ingapo. Sindinamuyankhe kanthu. Ndinangoti ayende bwino.

Loweruka timaweruka 1 koloko. Cha m'ma 11 linafika bokosi lina lomwe bwana anagula pa intaneti kwa munthu wogulitsa katundu wa malemu bambo ake. Malenzi 14, onse akuti ndi a mazinga a Leica. Ndinawayala pabenchi. Awiri ndi a enlarger, makina osindikizira zithunzi, alibe ndi pofokasira pomwe. Imodzi ndi Jupiter-8M ya makamera a Kiev, ya mano a Contax, siingamangike pa kamera ya mazinga ngakhale uipemphere. Atatu ndi ma Industar-50 a kamera yakale ya Zenit: mazinga ake ndi 39mm ndithu, amalowa pa Canon kapena Zorki myaa, koma anapangidwira mtunda wa 45.2mm kukafika pafilimu, ndiye munthu atha kujambula filimu yonse osatulutsa kanthu. Anayi ali ndi nkhungu yoyanga ngati kangaude. Bwana anasuzumira n'kunena kuti ndiwapukute, Lolemba akufuna akhale pashelefu chifukwa ana a sukulu zojambula atsegulira.

Tepi yofiira ulendo uno sindinaigwiritse ntchito. Anayi amene angathe kuyesedwa ndawasiya pabenchi kuti ndiyambe nawo Lolemba m'mawa. Khumi enawo ndawatsekera mu drowa yanga ya pansi, momwe ndimasunga nkhomaliro, ndipo kiyi wake ali m'thumba la buluku lomwe ndasita lija.