Lipoti la ulendo wa kalabu yathu ku Kapiri, m'boma la Mchinji

Mamembala a kalabu yathu ya alimi a mtedza ndi soya ya kwa Santhe ku Kasungu tinakacheza ndi alimi anzathu ku Kapiri, kuti tikaone momwe amasungira ndi kugulitsira zokolola pamodzi. Za nkhokwe ndi misika alemba ndi alembi athu, ndipo ine ndinapatsidwa gawo la zokambirana za masana, zomwe zinakhudza kavotedwe ka alimi.

Nkhani inayambira pa feteleza. Wapampando wa anzathuwo anakumbutsa kuti chiyambireni makuponi mu 2005, m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, mlimi akapita ku msonkhano wa ndale amatchera khutu ku mtengo wa thumba, ndipo zina zonse zimangomudutsa. Anatchulanso lonjezo la mgwirizano wa Tonse mu 2020 loti thumba lidzagulidwa pa K4,495. Bambo wina wa kwathu anaimirira nati, "A wapampando, voti yanga ndi ya feteleza basi, chifukwa ana anga sadya msewu." Ambiri tinaomba m'manja, ndipo sindingawadzudzule bambowa, pakuti aliyense amene anaonapo chimanga chikuchita chikasu mu Januwale akudziwa chimene amanena.

Amene anatitsegula maso ndi mayi wina wachikulire, msungichuma wa gululo. Anatenga njere khumi za mtedza n'kuziika palichero, zisanu ndi ziwiri mbali imodzi kuimira alimi ofuna feteleza wotsika mtengo, zitatu mbali ina kuimira otsatira munthu wogawa ndalama pamisonkhano. Kenako anagawa zisanu ndi ziwiri zija m'timilu tinayi, poti olonjeza feteleza amakhala ambiri, ena mwa iwo ogonja pa chisankho chachipulula amene aganiza zoima paokha. "Ana anga, wopambana ndi uyu wa njere zitatu," anatero mayiwo, "ngakhale ambirife sitinamufune."

Zoterezi zinachitikapo pa mpando wa pulezidenti. Mu 2014 Peter Mutharika anapambana ndi mavoti 36 pa 100 alionse. Mu 2019 analengezedwa wopambana ndi mavoti 38.6 pa 100, pomwe Lazarus Chakwera anapeza 35.4 ndipo Saulos Chilima anapeza 20.2. Khoti litafafaniza zotsatirazo pa 3 Febuluwale 2020 n'kugamula kuti pulezidenti azipeza mavoti oposa theka, Chakwera ndi Chilima anagwirizana ndipo Chakwera anapambana pa chisankho chobwereza cha pa 23 Juni. Koma chimene ambiri sitinkachiganizira n'chakuti lamulo la 50+1 silikhudza aphungu ndi makhansala, kumene woposa mnzake ngakhale ndi voti imodzi amatenga mpando.

Kwa ine, apa ndi pamene kuvotera nkhani imodzi kumatipweteka kwambiri, chifukwa onse akalonjeza feteleza timasowa chowasiyanitsira, n'kuyamba kusankha potengera chibale kapena mudzi. Anzathu a ku Kapiri sauzana woti amuvotere, koma amaitana opikisana onse pabwalo limodzi n'kuwafunsanso za mitengo ya mtedza, masikelo a mavenda, milatho yopita kumisika ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za chitukuko cha m'dera.

Pobwerera tinagwirizana kuti komiti ikonze mafunso athu otere ndipo ikawafotokozere a gulupu, kuti bwalo lidzapezeke nthawi ya kampeni isanakwane.