Orientation ya ku laibulale: bwanji pakatha mwezi amakhala atayiwala zonse?

Sabata ya orientation ndi imene ife ogwira ntchito m'malaibulale a m'makoleji timatopa nayo kwambiri, komanso ndi imene ana amatolapo zochepa. Ma first year amabwera chigulu, kamvula ka Mzuzu kakuwaza panja, ena majuzi atanyowa, ndiye timawazungulitsa: apa ndi pa reference, awa ndi a short loan, chikwama musalowe nacho, mukachedwa kubweza buku pali faini. Kenako projekita, ma slide osatha a momwe mungasakire nkhani pa intaneti, ma database, plagiarism. Onse kugwedeza mitu. Pakatha mwezi alekichala akapereka assignment yoyamba, omwewo ali pa desiki, "madam ndimafuna buku la education", ngati sitinaonanepo.

Anzanga ena amati ana a masiku ano ndi aulesi, foni basi. Ine ayi. Ine ndimaona kuti timawapatsa mayankho pa nthawi imene alibe funso lililonse m'mutu.

Zimene timayesa kuwaphunzitsazi dzina lake ndi information literacy. Si nkhani ya dzulo, Paul Zurkowski anayiyankhula mu 1974 ku America, ndipo mfundo yake ndi yoti munthu adziwe zimene akufuna, kumene angazipeze, azitha kusiyanitsa zoona ndi zabodza, n'kuzigwiritsa ntchito osaba za eni. Koma kaphunzitsidwe kake ndi pamene pagona nkhani. Amene tinaphunzira za laibulale timakumbukira ma learning theory aja, ofotokoza mmene munthu amaphunzirira, timangowaloweza kuti tikhoze mayeso, kenako n'kuwasiya m'kope. Chonsecho amafotokoza bwinobwino zimene zimachitika pa desiki paja.

Tiyambe ndi ma slide. George Miller analemba mu 1956 kuti mutu wa munthu umagwira zinthu zochepa pa kanthawi kamodzi, pafupifupi 7, ndipo John Sweller mu 1988 anaonjezera kuti ukauthira zatsopano zambiri nthawi imodzi palibe chimene chimakhazikika. Tsono taganizani mwana wochokera ku CDSS ina ku Chitipa kapena ku Mzimba, kumene mwina laibulale yake inali kabati imodzi mu ofesi ya a hedi, kompyuta sanaigwirepo kwenikweni, sakudziwa kuti agona hostel iti, fizi sinakwane, ndiye inu mukumuuza za Boolean operators, timawu ta AND, OR ndi NOT tosakira nkhani pa kompyuta. Alowetsa pati?

Amene ndimamukonda ine ndi Carol Kuhlthau. Mayiyu anatsatira ana a sekondale ku America pamene ankalemba ma project awo, ndipo mu 1991 anafotokoza kuti kusaka nkhani kumadutsa m'magawo 6, kuyambira pamene wapatsidwa ntchito mpaka kuipereka. Chimene chinandigwira mtima ndi chakuti sanangoona zimene ana ankachita, anaonanso mmene ankamvera. Poyamba mantha. Ukasankha mutu kamtima kamakhala pansi pang'ono. Ndiye ukayamba kuwerenga, pa gawo lachitatu, zinthu zimasokonekera kuposa poyamba, wolemba uyu akuti chakuti, winayo akutsutsa, iwe sukudziwa kuti ukhulupirire ndani, ndipo apa ndi pamene ambiri amafuna kusintha topic kapena kungokopera chilichonse chimene chabwera pamwamba pa Google. Kuhlthau anati kusokonezeka kumeneku n'koyenera kuchitika, ndiyo njira yake, kumatha munthu akapeza mbali imodzi yoti aikepo maganizo.

Ine izi ndimaziona semesita iliyonse. Mwana amabwera nkhope ili gwa, akuti topic yanga ilibe mabuku. Ukafunsitsa upeza kuti zowerenga wapeza zambiri zedi, koma topic yake ndi "malungo m'Malawi", yaikulu ngati dziko lomwe. Ameneyu safunika kumuonetsa shelefu, amafunika kukhala naye pansi: malungo kwa ndani, ana aang'ono kapena amayi oyembekezera? Kuti, m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay kapena kuno kozizira? Za maneti kapena za mankhwala? Ukamuuzanso kuti kusokonezekaku aliyense amadutsamo, ngakhale alekichala ake, umaona mapewa akutsika. Constance Mellon mu 1986 anapeza kuti ophunzira ambiri amaopa laibulale, amaganiza kuti anzawo onse akudziwa koma iwo okha, ndiye kufunsa amaona ngati kudziyalutsa. Kwathu kuno onjezeranipo ulemu uja tinakula nawo woti wamkulu sumufunsafunsa.

Pano pali fashoni ya constructivism, maganizo a Jean Piaget ndi anzake oti munthu amamanga yekha nzeru zake pa zimene akudziwa kale, sungangomuthira. Ndimagwirizana nazo, koma ena amazitenga molakwika, amangoti "pitani mukafufuze nokha" iwo n'kukhala pa foni. Mwana amene zaka zonse za sekondale ankakopera manotsi pa bolodi n'kuwabweza pa MSCE, ukamusiya yekha pa database sapeza kanthu, angokhumudwa. Lev Vygotsky ndi amene anagunda pamutu pa nkhani: pali zimene munthu angathe yekha, pali zimene sangathe ngakhale pang'ono, ndiye pakati pali zimene angathe ngati wina wodziwa ali pambali pake, ndipo kuphunzira kumachitikira pakatipo. Zili ngati kuphunzitsa mwana njinga, umagwira kaliyala n'kumathamanga naye, kenako umasiya osamuuza. Ndipo wogwira kaliyalayo sikuti akhale ine nthawi zonse. Ndimaona wa second year akufotokozera mnzake m'Chitumbuka kumbuyo kwa kalasi, mphindi zochepa mwana wamva zimene ine ndalephera kumumvetsa m'Chingerezi ola lonse. Aphunzitsi ena amakalipa kuti phokoso. Asiyeni.

Koma musandimve ngati ndikuti kuloweza n'koipa. Behaviourism ya B.F. Skinner, yobwereza chinthu n'kumauzidwa pompopompo kuti wakhoza kapena walakwa, anthu amainyoza kuti ndi yachikale, koma kulemba reference ya APA, kalembedwe kotchulira mabuku amene wagwiritsa ntchito, kulibe nzeru zakuya zoti munthu azitulukire yekha. Dzina, chaka, mutu, wosindikiza. Lemba, ndichonge, lembanso. Chimodzimodzi kuwerenga call number, nambala ya pa msana wa buku yosonyeza malo ake pa shelefu.

Nkhaniyi kuno ili ndi kulemera kwina. Mu December 2015 laibulale ya Mzuni ku Luwinga inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 anathera pomwepo, ndipo tonse m'tauni muno tinaona kuti wophunzira wodalira shelefu yokha angathe kutsala manja lende tsiku limodzi. Zowerenga za pa intaneti zilipo, MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi muno, imathandiza kupeza ma journal, pulogalamu ya pa intaneti ya Research4Life ili ndi Hinari ya za umoyo ndi AGORA ya za ulimi, koma mwana akapanda kuzolowera amathawira kumene kuli kophweka. Chibwerereni ChatGPT mu 2022 ndiye zafika pena, amabwera ndi reference yooneka bwino, dzina la wolemba ndi chaka zonse zilipo, ukaisaka kulibe, makina anangopeka.

Ndiye masiku ano pophunzitsa kusiyanitsa zoona ndi zabodza sindiyambira pa journal. Ndimawauza kuti atsegule WhatsApp, apeze uthenga uja wazungulira m'magulupu wa scholarship yaulere kapena wa mankhwala ochiza matenda onse. Awiriawiri, afufuze: walemba ndani, ena akuti chani za iyeyo, nkhaniyi inayambira kuti. Amatsutsana, amaseka, wina amapezeka kuti anaitumiza kale kwa amalume ake. Zikatero ndi pamene timasamukira ku nkhani za assignment yawo.

Chovuta n'chakuti zonsezi zimafuna kuti alekichala akupatse ola m'kalasi mwawo, sabata imene apereka assignment, osati pa orientation. Ambiri amati silabasi ndi yaitali. Semesita ino mmodzi wavomera, tagwirizana kuti ana abwere ndi ma topic awo m'manja, ine ndibwerenso akafika pakati pamene zimasokonekera paja. Makompyuta sakwana ndipo magetsi sitingawadalire, ndiye ndawauziratu kuti gulu lililonse likhale ndi foni imodzi yotchaja komanso ya bandulo.